Mayina a M'khitchini Mwanga

Lolemba, 4 Malichi 2024

Andigoneka m'wodi ya amayi, bedi lachinayi, pafupi ndi zenera. Ndine Effie Kamtedza, wa zaka 76, kwathu ku Linthipe, pano ndimakhala ku Woolwich, mumzinda wa London. Akulemba ndi mwana wanga wamkazi Khumbo, chifukwa ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, komanso dzanja langa alibaya singano ya diripi. Ndamuuza kuti alembe mawu anga okhaokha, akamaliza andiwerengere.

Maso anga achita chikasu. Thupi lonse likuyabwa. Mkodzo uli ngati tiyi wopanda mkaka. Pansi pa nthiti, mbali ya kumanja, pakupweteka. Kutentha kwa thupi 38.9. Dokotala akuti ndi ndulu, koma aona bwino mawa. Mankhwala opha tizilombo akulowa pa diripi maola asanu ndi atatu alionse.

Anesi akungonditchula "Efi", ngati tinkasewera limodzi fulaye. Andiveka nsalu yotsegula kumbuyo, yomanga ndi tizingwe. Sindinayendepo chotere chibadwire.

Lachiwiri, 5 Malichi

Sikani mamawa. Anandipaka mafuta ozizira pamimba. Apeza miyala m'ndulu, ndipo umodzi watsika n'kutseka njira. N'chifukwa chake chikasu.

Chakudya chamasana: mbatatesi yoponda yopanda mchere, ndi nsomba yoyera imene sinaonepo moto. Ndinanunkhiza n'kubweza. Mayi wachizungu wa bedi lachitatu anadya yake ndi yanga yomwe. Mayi ameneyu amaitana galu wake tsiku lonse, galu amene akuti anafa kale.

Pali nesi mmodzi waulemu, dzina lake Sibeso, wa ku Zambia. Yekhayo ndi amene amati "amai". Ndamuuza kuti mtsikana amene amakhala pampandoyu si mtsikana wamba. Ali pafupi kukhala dokotala wa maphunziro kuyunivesite ku Greenwich, ndipo zimene akuphunzira ndi Malemba. Khumbo anafuna kuyankhapo, ndinamuletsa. Ana anga anayi onse anakulira m'tchalitchi, koma amene amapitabe Lamulungu ndi iye yekha. Enawo anasiya mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake.

Lachitatu, 6 Malichi

Anandilowetsa paipi ya kamera pakamwa kuti akakoke mwala uja. Zalephereka. Pakhosi pali zilonda. Ndasanza kawiri zobiriwira. Basi.

Lachinayi, 7 Malichi

Kutentha 37.8. Dokotala wamkulu wabwera ndi ophunzira asanu, onse kundiyang'ana pamimba. Akuti opaleshoni ichitika Lachinayi likudzali, pa 14, thupi likayamba lazizira. Akuti mtima wanga ndi wofooka, ndiye mankhwala ogonetsa ali ndi chiopsezo. Ananena mozungulira, koma ndamva. Lachitatu chakudya chamadzulo chikadutsa, m'kamwa mwanga simulowanso kanthu.

Ndauza Khumbo kuti aimbire a Reinford, wapampando wa akulu ampingo wathu ku Barking. Ndikufuna Mgonero ndisanalowe. Chilowereni mumpingo mu 1966 sindinaphonyepo Mgonero, ngakhale chaka chimene tinaika bambo ake a Khumbo. Kabokosi ka Mgonero wa odwala amasunga ndi a Reinford, ndipo abusa athu, amene amakhala kutali, amabwera akaitanidwa ndi iwowo. Ayankha kuti aona.

Madzulo Khumbo anati pali chimene ayenera kukonza. Akuti ndisiye kuuza anthu kuti akuphunzira Malemba.

"Nanga mabuku onse aja a Chipangano Chakale patebulo?"

"Ndimawagwiritsa ntchito, amayi, koma ndimaphunzira ndakatulo."

Ndinamuuza afotokoze pang'onopang'ono. Akuti kuno ku England, zaka mazana atatu zapitazo, munthu sakanatha kunyoza nduna kapena mwana wa mfumu pomutchula dzina. Ndiye alakatuli ankatenga nkhani ya m'Malemba n'kuveka anthu a ndale mayina a mmenemo. Nduna yachinyengo ankaipatsa dzina la mlangizi woipa, mzinda wa London ankaupatsa dzina la mzinda woyera. Mizere yake inkayenda iwiriiwiri, yomaliza mofanana, ngati ng'ombe za pagoli. Owerenga ankakhala m'nyumba zomwera khofi kumaseka, kumalemba m'mbali mwa pepala kuti uyu ndi uje, uyu ndi uje. Pambuyo pake osindikiza anayamba kugulitsa ndi mndandanda womasulira mayinawo.

Ndinafunsa ngati alakatuliwo ankadzudzula mafumu monga ankachitira aneneri. Akuti ena ayi, ena ankadya kwa mfumu, ankangolumira adani a mfumuyo.

Aneneri ankaima pamaso pa munthu n'kumuuza kuti ndiwe. Awa ankabisala kuseri kwa Buku ngati mwana wotukwana atagwira chitenje cha amake. Ndi chimodzimodzi kuvala yunifolomu ya chigwirizano n'kupita nayo ku bawa. Zaka zisanu ndakhala ndikunyadira zimenezi. Ndinamuuza Khumbo kuti mayina oyerawo asalembe m'kope lino, momwe muli nkhani za mikodzo ndi masanzi. Akwanira kale kudetsedwa.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndafooka. Magazi atenga kawiri, mtsempha akuusowa. Dzanja latupa, labiriwira. Anandisambitsa pabedi anthu awiri akukambirana za sitima imene inachedwa. Kwa a Reinford zii.

Loweruka, 9 Malichi

Kutentha 37.4. Kuyabwa kwachepa. Ndadya phala.

Masana kunabwera mayi Justina, mnzanga wa kumpingo, wa ku Chipata. Anabweretsa chigwada chotendera, koma dokotala analetsa chilichonse cha mafuta, ndiye ndinangonunkhiza. Asanakhale n'komwe pansi anatulutsa foni.

"Amai, manje simunamve? Ku chechi kwayaka moto."

Mpingo wathu uli ndi vuto lakale. A Reinford akhala pampando zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chisankho achisuntha kanayi. A Luke, mlembi, akufuna mpandowo. Awiriwa sapatsana moni. Tsopano akuti sabata yathayi pa Watsapu patuluka ndakatulo ya Chingerezi, yaitali, yopanda dzina la mwini wake. Ikunena za msasa wa anthu a Mulungu m'chipululu, koma aliyense akuona kuti chipululucho chili ndi holo yathu yopempherera ya ku Barking ndi ketulo yake yotayikira. Anthu akutumizirana mindandanda ya amene ali ndani.

Mayi Justina anayamba kundimasulira. Muli mneneri wokwera bulu, amene bulu wake akuona mngelo panjira, iye osaona kanthu koma kumangokwapula. Muli mwamuna amene anagulitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza. Muli ana awiri a wansembe amene amapisa foloko ya mano atatu mumphika anthu asanapemphere. Muli mayi amene anacheuka n'kusanduka mchere. Muli mkazi wa pazenera, wonyoza mumtima anthu ovina.

"Wa bulu ni ba Reinford, aliyense aziba. Wa mphodza ni ba Luke. Koma nanga ine? Zaka teni nikuphika pa mafankishoni yonse, sibananifakemo olo laini imozi. Baniona monga nilibe machimo?"

Ndinalephera kuseka. Ambiri mwa mayina amenewo ndinali nditawamva kale, ndipo ndinawamva m'kamwa mwanga. Ine kuwerenga kumandivuta, koma Malemba ndinawasunga ndi makutu. Lamulungu lililonse tikabwerera ku Woolwich, ndikamatenthetsa ndiwo, ndimafotokoza za kutchalitchi ndi mayina amenewo. A Luke ndinawatcha a mphodza chaka chimene anaitanidwa ku chakudya kwa a Reinford, m'mawa mwake n'kuvomera kuti chisankho chidikire. Ana a wansembe aja ndi adikoni awiri amene amadzigawira nkhuku ana asanadye. Wa mchere ndi mayi wotsogolera kwaya, amene sangathe chiganizo osatchula nyumba imene anasiya ku Area 47. M'khitchini mmenemo timakhalamo anthu awiri okha.

Mayi Justina atapita ndinafunsa amene akulemba izi. Wavomera. Akuti pamsonkhano wa Januwale anakweza dzanja kufunsa za chisankho, a Reinford n'kunena pamaso pa onse kuti atsikana osakwatiwa azimvetsera. Khumbo ali ndi zaka 34. Akuti anabwera kunyumba, analemba, anatumizira anzake atatu okha.

Ndamuuza kuti wandinyansa. Ndamuuzanso kuti alembe mawu amenewo, ndipo walemba.

Lamulungu, 10 Malichi

Kuno akuti lero ndi tsiku la amayi. Wodi yadzaza maluwa ndi makadi. Khumbo wabweretsa kadi, sindinaitsegule.

A Reinford abwera atatuluka kutchalitchi, atavala suti yawo ya bulawuni. Khumbo anali atatsika kukagula madzi. Anapemphera mwachidule, kenako anakoka mpando.

"Mayi Kamtedza, za Mgonero ndamva. Abusa ali ku Barking sabata yonse ino. Koma mpingo wavulala, ndipo sitinganyamule chikho kupita nacho m'nyumba imene mwina ndi momwe mwachokera mpeni."

Ndinati sindikumva.

"Anthu a ndakatulo mumpingo mwathu si ambiri. Umboni tilibe. Koma mayi amadziwa za m'nyumba mwake. Mukangotiuza dzina, Lachitatu tibwera ndi kabokosi."

Ndinafunsa kuti mwini dzinalo amutani. Akuti aima kutsogolo kwa mpingo, apepesa, akhala kunja kwa Mgonero chaka chathunthu, ndipo Sande sukulu asiya kuphunzitsa.

Ndinayang'ana nsapato zawo zopukutidwa bwino. Munthu kubwera kudzatsatsa chikho cha Ambuye pabedi la wodwala, ngati akugulitsa matemba pamsika wa Woolwich. Ndinawauza kuti ndatopa. Ananyamuka n'kupita.

Lolemba, 11 Malichi

Kutentha 36.9. Anandijambula mtima. Dokotala wogonetsa anabwera ndi pepala, anafunsa ngati mano anga ndi anga. Ndinasaina ndekha, dzina langa ndimatha.

Ndafotokozera Khumbo za dzulo. Anaimirira pomwepo, foni m'manja.

"Ndiwaimbira panopa. Ndine ndinalemba, ndinena ndekha. Inu mulandire Mgonero wanu."

"Khala pansi."

"Amayi, sindingalole kuti mulowe muja opanda..."

"Ndati khala pansi. Ukakaima kutsogolo kuja n'kupepesa kwa a Reinford, Lamulungu lotsatira udzapitanso?"

Anakhala pansi. Ndimamudziwa, ndi wouma mutu ngati ine. Adzapepesa mwaulemu, adzatuluka, sadzapondakonso. Mchimwene wake Evance anachoka pa nkhani yochepa kuposa imeneyi, ya ndolo. Ndatsala ndi mmodzi. Ndamulumbiritsa kuti satsegula pakamwa popanda chilolezo changa.

Sibeso anamva zina mwa izi. Akuti chipatala chili ndi m'busa wakewake, angathe kundipatsa Mgonero mawa lomwe. Ndamuthokoza, koma ndakana. Mgonero si mankhwala oti aliyense wovala kolala angakumwetse. Umadya ndi anthu ako, amene umawadziwa mpaka kununkha kwa m'kamwa mwawo. Gome la anthu amene sindinakanganepo nawo si gome langa.

Ndiye zatsala ziwiri. Kupereka mwana, kapena kulowa m'chipinda chija wopanda kanthu. Ndikuopa. Lemba kamodzi kokha, usabwereze.

Lachiwiri, 12 Malichi

Ndadya tositi youma ndi tiyi. Mayi wa galu uja amutengera kunyumba ya okalamba. Pabedi lake abweretsa mtsikana wolira.

Ndauza Khumbo andiwerengere ndakatulo yonse, mzere ndi mzere, akumasulira. Ndimafuna kudziwa kukula kwa tchimo limene ndikulibisa. Zinatitengera ola limodzi. Ndivomere kuti mizere yake imagwa bwino m'khutu, ngakhale kwa ine wosamva Chingerezi chambiri. Khumbo Malemba sanawalakwitse paliponse. Pa adikoni a foloko paja ndinatsala pang'ono kuseka, ululu wa pansi pa nthiti n'kundikumbutsa.

Titafika pa mkazi wa pazenera ndinamuimitsa. Nkhaniyo ndimaidziwa: mfumu inavina pamaso pa Mulungu ndi mphamvu zake zonse, mkazi wake anasuzumira pazenera n'kuinyoza mumtima. Koma dzina limenelo sindinapatsepo munthu.

"Ameneyu ndani? Mayi Justina?"

"Ayi."

"Akazi a a Luke?"

Anawerenganso pang'onopang'ono. Mkaziyo amakhala mpando wa kumapeto, pafupi ndi zenera. Achinyamata akamavina pa nyimbo ya chopereka iye manja amapinda. Saimba mokweza, sakangana ndi munthu, aliyense amamutcha mayi wa mtendere. Akafika kwawo amavula duku, amayatsa moto, n'kuyamba kugawa mayina.

Ku holo ya ku Barking mpando wa pazenera ndi wanga. Ndakhalapo zaka khumi ndi chimodzi.

"Limeneli lokha ndinasankha ndekha," anatero Khumbo, maso ali pansi.

Ndinamuuza atuluke kaye. Ndinagona chagada kuyang'ana kudenga. Lachinayi ndinanyoza azungu akale aja kuti ankabisala kuseri kwa Buku. Koma iwo ankasindikiza, anthu n'kumawerenga poyera, wonyozedwa n'kutha kuyankha. Ine ndakhala ndikuchita zomwezo pa chitofu, chitseko chili chotseka, Lamulungu lotsatira n'kukagwirana chanza ndi anthu omwewo, kumwera chikho chimodzi. A Reinford sindinawauzepo kuti chisankho chichitike. Pamene ananyoza mwana wanga mu Januwale ndinali pomwepo, pazenera, manja nditapinda. Ndinadikira kufika kunyumba kuti ndinene za bulu.

M'kamwa mukuwawa, ndipo si ndulu yokha. Komabe mwanayu anasankha molondola. Malemba amawadziwa.

Lachitatu, 13 Malichi

Kutentha 36.8. Magazi ali bwino. Opaleshoni mawa 8 koloko m'mawa. Andipatsa masokosi othina ndi sopo wapadera wosambira.

Ndinauza Khumbo aimbire a Reinford kuti dzina ndili nalo. Anakana, ndinamukumbutsa lumbiro lake. Ndinamuuza andimange duku loyera, andikhazike tsonga, iye akhale kumapazi osatsegula pakamwa.

Anafika 3 koloko, a Reinford ndi a Luke, limodzi. Anthu amene sanapatsane moni zaka ziwiri anabwera pa galimoto imodzi, akutchulana "achimwene". Ndakatulo ija yachita zimene mapemphero athu analephera. A Reinford ananyamula kabokosi kakuda kaja, n'kukaika pamaondo pamene ndingakaone bwino.

"Abusa ali pansi, m'galimoto," anatero. "Ndikangoimba, akwera."

Ndinapempha Sibeso atseke makatani.

"Mwafuna dzina. Mayina onse ali m'ndakatulo muja ndinapereka ndine."

A Luke anaseka. "Mayi, inu Chingerezi chake chiti?"

"Sindinati ndinasoka ndine. Ndati nsalu ndi yanga. Inu a Luke, ndinakutchani a mphodza mu 2019, mutadya kwa a Reinford Loweruka n'kusintha mawu Lamulungu. Munadya mpunga ndi nyama ya mbuzi, akazi anu anandiuza. Inu a Reinford, za bulu ndinayamba chaka chimene munakana kusamutsa mapemphero kupita masana, pamene theka la mpingo limachokera ku shifiti ya usiku. Adikoni aja, mayi wa kwaya uja, onse ndine. Zaka khumi ndakhala ndikukunyozani m'khitchini mwanga ndi mayina oyera, n'kumabwera kudzadya nanu Mgonero. Ndilo tchimo langa, ndipo ndikulivomera pamaso panu. Ndikanayenera kukuuzani kumaso kalekale kuti mpandowo mwaukhalitsa, ndipo zimene munanena kwa mwana wanga mu Januwale zinali zamwano. Ndanena lero."

Mtsikana wa bedi lachitatu ngakhale iye anasiya kulira.

"Nanga wosokayo?" anafunsa a Reinford, akuyang'ana kumapazi kwa bedi.

"Ameneyo sindimutchula. Munati mukufuna kumene kwachokera mpeni. Ndi kuno."

Khumbo anapuma mokweza ngati ayankhula. Ndinamuponda ndi phazi m'bulangete.

A Reinford anati munthu amene wavomera mlandu wotere sangalandire kufikira akulu ampingo atakhala pansi, ndipo akhala Loweruka. Ndinati malamulowo ndimawadziwa, ndinalipo pamene tinkawavomereza. A Luke anayang'ana kabokosi, anayang'ana ine, anatsegula pakamwa, kenako anayang'ana a Reinford n'kutseka. Sindinalakwitse dzina lawo.

Anaimirira. A Luke anatsogola. A Reinford anatsalira pa katani, kabokosi kali kukhwapa, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Ndiye buluyo ndani?"

"Akazi anu. Akhala akukuuzani za chisankho kuyambira kale. Muziwamvera."

Anapita. Kabokosi ndinakaona mpaka pakhomo la wodi.

Chakudya chomaliza: supu wa karoti, wozizira. Ndamwa theka. Khumbo walira, ndamuuza asadonthezere pakope. Tinapemphera awiri. Ndamuuza kuti ngati sindidzuka, yunifolomu yanga ili m'sutikesi ya pamwamba pa wadirobu, yosita kale. Ndamuuzanso kuti kaya ndidzuka kaya ayi, Lamulungu apite ku Barking.

Loweruka, 16 Malichi

Ndilipo. Masiku awiri ndinali m'chipinda cha odwala kwambiri. Paipi m'mphuno, paipi m'mimba, thumba la zonyansa likulendewera pambali. Mtima akuti unavuta pang'ono, unabwerera. Mawu ochepa.

Lolemba, 18 Malichi

Andibwezera m'wodi, bedi lina, lapakati. Kutentha 37.1. Paipi ya m'mphuno achotsa. Ndayenda masitepe khumi ndi awiri ndi chogwirira. Chikasu chikutha. Dokotala anandionetsa chithunzi cha miyala ija, isanu ndi iwiri, yakuda ngati zitosi za mbuzi. Zimenezo ndakhala ndikuyenda nazo m'thupi, kupita nazo kutchalitchi.

Mayi Justina abwera ndi kalata ya akulu ampingo. Khumbo wandiwerengera. Ndaikidwa kunja kwa Mgonero miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha miseche ndi kuseweretsa Malemba. Wa Pasaka undidutsa, woyamba chilowereni mumpingo. Za wolemba ndakatulo akuti nkhaniyo yatsekedwa poti gwero lapezeka. Za chisankho kalatayo sikunena kanthu. Asaina onse awiri, a Reinford ndi a Luke, wina pansi pa mnzake.

Mayi Justina akuti mpingo wonse ukudziwa. Ena akuti sadzandipatsanso moni. Iwo nkhawa yawo ndi ina.

"Manje amai, popeza ndimwe mupasa maina, ine langa ni liti?"

Ndawauza kuti ntchito imeneyo ndinasiya. Achoka okhumudwa.

Ndafunsa Khumbo ngati dzulo anapita. Akuti anapita, anakwera sitima ya 9 koloko, anaphunzitsa ana ake a Sande sukulu. Anthu ankamuyang'ana, a Reinford sanamupatse moni. Pa zolengeza anakweza dzanja n'kufunsa tsiku la chisankho, kumaso, ndi dzina lake. Sanamuyankhe. Akuti Lamulungu likudzali akafunsanso.

Ndafunsa kuti anakhala pati. Akuti mpando wanga wa pazenera unali wopanda munthu, koma iye anakhala kutsogolo.

Ndamuuza atsegule kadi ija andiwerengere. Ilibe ndakatulo.